Funsani Tikuyankheni: Kodi chinenero chimodzi chimafala bwanji m'dziko longopeka?

Funso

Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Matero, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikulemba nkhani yaitali yopeka. Nkhaniyi ikuchitikira m'dziko lomwe silipezeka pa mapu alionse, mmene muli mitundu isanu ya anthu: a kumapiri, a kudambo, a kunyanja, a kunkhalango ndi a kuchipululu. Mulinso mizimu yokhala zaka mazanamazana, ndi asing'anga amene amauluka usiku pa lichero. Mnzanga wina atawerenga mitu yoyambirira anandifunsa kuti anthu a mitundu yosiyana chonchi akumvana bwanji akakumana, ndipo ndinasowa choyankha. Kenaka ndinaonjezera ndime yonena kuti mfumu ya kumapiri inagonjetsa mitundu inayo ndi kulamula kuti aliyense azilankhula chinenero chake. Komabe mtima wanga sukukhutira ndi ndime imeneyi. Kodi nkhondo ndi lamulo la mfumu n'zokwanira kuti chinenero chimodzi chilamulire dziko lonse?

*Mphunzitsi wa ku Matero, Lusaka*

Yankho

Aphunzitsi, mtima wanu sukunama, ndipo mnzanuyo wakuchitirani zabwino pofunsa funso limeneli buku lisanathe. Olemba ambiri a nkhani zamtunduwu amangonena kuti m'dziko mwawo muli chinenero cha onse, ngati kuti chinagwa ndi mvula, kapena amachita zomwe mwachitazi, kupatsa mfumu mkondo ndi lamulo n'kuganiza kuti nkhani yatha. Ine ndikuona kuti wolemba wokhala m'Zambia sayenera kukhutira ndi zimenezi, chifukwa mbiri ya dziko lino ili ndi zitsanzo ziwiri zomwe zimatsutsa ganizo limeneli poyera, ndipo zonse ziwiri n'zapafupi kwambiri moti ana a m'kalasi mwanu ena ndi zidzukulu za anthu ake.

Tiyambe ndi Angoni. Mu November 1835, tsiku lomwe kunachitika kadamsana, gulu la Zwangendaba linaoloka mtsinje wa Zambezi likulankhula chinenero cha pachibale ndi Chizulu. Anali akatswiri pa nkhondo, ndipo mitundu yambiri yomwe anakumana nayo inagonja kapena kuthawira m'mapiri ndi m'malinga. Ganizo lanu likanakhala loona, bwenzi lero Chipata yonse ikulankhula Chingoni. Koma pitani ku midzi ya Inkosi ya Makosi Mpezeni mukamve chomwe mayi akunena poitana mwana kuti adzadye nsima: mudzamva chilankhulo chomwe thupi lake ndi Chinsenga. Angoni a Gomani ku Ntcheu amalankhula Chichewa, ndipo a M'mbelwa ku Mzimba ambiri amalankhula Chitumbuka. Nthambi zitatu za mtundu umodzi zinapambana pa nkhondo, ndipo zonse zitatu zinataya chinenero cha makolo awo. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ankhondo aja ankakwatira akazi ogwidwa m'midzi yomwe anaigonjetsa, ndipo mwana ankakulira kumbuyo kwa mayi wa Chinsenga, akumva nyimbo zake za pamtondo, akudzudzulidwa ndi kutonthozedwa m'mawu a mayiyo, pomwe bambo ake anali ku khola, ku bwalo kapena ku nkhondo. Mwana wotere pofika msinkhu woti aphunzire kugwira chishango, lilime lake linali litaumbika kale. Chingoni chinatsalira m'malo a ulemu okha: m'nyimbo za ingoma, m'mawu otamanda mafumu, m'maina a mafuko monga Jere, ndi pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February, pomwe anthu ambiri amaimba mawu omwe sangathe kuwamasulira onse.

Tsopano tembenukirani kumadzulo, muone zosiyana nazo. Akololo a Sebetwane, omwe ankalankhula chinenero cha gulu la Chisotho, anafika ku chigwa cha Barotse cha m'ma 1840 ndi kugonjetsa Aluyi. Ulamuliro wawo sunathe ngakhale zaka 30, pakuti mu 1864 eni dziko anawaukira, amuna ambiri a Chikololo anaphedwa, ndipo ufumu unabwerera kwa eni ake. Koma akazi ndi ana a Akololo anasiyidwa amoyo ndi kulowa m'mabanja a opambanawo. Chinenero cha ogonjawo chinali chitayamba kale kugwira ntchito yogwirizanitsa mitundu yambiri ya m'chigwamo, ndipo amishonale a François Coillard atafika m'zaka za m'ma 1880 ndi alaliki ndi mabuku ochokera ku Lesotho, anachipeza chili pakamwa pa anthu ndipo anachilimbitsa ndi sukulu. Chilozi cha lero chinachokera pamenepo, pomwe Chiluyana cha makolo chinatsalira ku bwalo la Litunga, mfumu ya Alozi, m'nyimbo ndi m'mawu otamanda. Chomwe chimandichititsa chidwi koposa n'chakuti Akololo ena ochepa, omwe anatsagana ndi David Livingstone n'kukhazikika ku chigwa cha Shire, anakhala mafumu kumeneko koma zidzukulu zawo zimalankhula Chimang'anja. Mtundu womwewo, m'zaka zomwezo, unasiyira ena chinenero chake kumene unagonjetsedwa ndi kuchitaya kumene unalamulira.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musanalembe za nkhondo ya mfumu yanu ya kumapiri, muyambe mwayankha funso ili: kodi ankhondo ake anatsika m'mapiri ndi akazi awo, kapena anatsika okha? Ngati anatsika okha n'kukwatira ana aakazi a kudambo, ndiye kuti pomafika mdzukulu wa mfumuyo, nyumba yachifumu yomwe idzakhala ikulankhula chinenero cha kudambo, ndipo cha kumapiri chidzamveka pa maliro a mafumu ndi polumbira basi. Nkhani yotere ili ndi moyo kuposa ndime ya lamulo yomwe mwalemba, pakuti mukhoza kutionetsa mfumu yokalamba ikulephera kucheza ndi mdzukulu wake popanda womasulira.

Chitsanzo chachitatu mumachiponda tsiku ndi tsiku popita ku ntchito. Dera lino ndi la Asoli ndi Alenje, ndipo Lusaka anayamba ngati kasiteshoni ka njanji mu 1905, asanakhale likulu mu 1935 pomwe boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone. Palibe mfumu ya Achewa yomwe inagonjetsa malo ano, ndipo Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete, mtunda wautali kuchokera kuno. Nanga Chinyanja chinakhala bwanji chinenero cha m'misewu ya likulu? Chinabwera ndi ntchito. Chinali chinenero cha apolisi ndi asilikali a boma la atsamunda, ndipo amesinjala, makalaliki, ophika ndi omanga ambiri anali ochokera ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ndi ku Nyasaland, kumene sukulu za mishoni zinali zitaphunzitsa anthu kuwerenga ndi kulemba m'chinenerochi. Msewu wa Great East unkawatsitsa kuno mosalekeza, iwo ndi mabanja awo. Aliyense wobwera pambuyo pake, kaya kuchokera ku Mongu kapena ku Monze, anapeza kuti pa mpope wa madzi, pa msika ndi pa polisi anthu akulankhula Chinyanja, ndipo anachiphunzira chifukwa ankafuna kutunga madzi, kugula ufa ndi kudziteteza pa mlandu. Ku Copperbelt zinayenda chimodzimodzi: dziko ndi la Alamba, koma migodi itatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ochuluka mwa ofuna ntchito anachokera kumpoto, ndipo Chibemba chinatenga malo.

Ku migodi komweko kuli phunziro lina lomwe olemba amaliphonya. Kunali chilankhulo chotchedwa Chilapalapa kapena Chikabanga, chomwe azungu ndi akapitao ankalamulira nacho antchito. Munthu aliyense wa pansi pa mgodi ankachidziwa, komabe sichinalowe m'nyumba, chifukwa chinali chilankhulo cha "nyamula" ndi "fulumira", chokumbutsa kunyozedwa, chopanda nyimbo ya maliro kapena mawu ofunsirira mbeta. Chinyanja nacho chinali chinenero cholamulira pa perete ya apolisi, koma chinali ndi eni ake omwe ankachilankhula pa mkeka madzulo, chinali ndi nyimbo za m'tchalitchi, nthano ndi miyambi. Ngati chinenero cha mfumu yanu chikumveka pokhapokha pamene msilikali akulanda mbuzi ya msonkho, anthu adzachidziwa koma sadzachipatsira ana awo.

Musaiwalenso kuti chinenero chikafala chimalipira mtengo wake. Tsiku lina madzulo ndinakwera minibasi pa Kulima Tower, angwangwazi akukuwa maina a makomboni, ndipo pafupi nane panakhala mayi wina atanyamula thumba la kapenta pamiyendo. Njira yonse ankalankhula Chilozi pa foni, koma titayandikira kwawo anagogoda denga la basi n'kuuza kondakitala kuti, "Nipaseni chenji yanga manje, niseluka apa." Agogo a ku Katete atamva chiganizo chimenechi akhoza kugwedeza mutu, pakuti iwo akananena kuti "ndipatseni", "tsopano" ndi "nditsika". Komatu mayiyo sanalakwitse kanthu, analankhula chinenero cha mzinda uno momwe chilili, chomwe chinasandutsa "ndi" kukhala "ni", "zinthu" kukhala "vinthu", chinatenga ulemu wa "ba" kwa anansi ake, ndipo chinatola "manje", liwu lomwe Azulu amalinena mpaka lero. M'dziko lanu lopeka zikhalenso choncho. Chinenero cha onse chisafanane ndendende ndi chomwe chimalankhulidwa m'midzi ya kumapiri. Chikhale chopepukirapo, chodzala ndi maina a nsomba ochokera kwa a kunyanja ndi maina a mankhwala ochokera kwa a kunkhalango, ndipo pakhale nkhalamba ya kumapiri yodandaula kuti ana a mumzinda aononga chilankhulo cha makolo. Wowerenga wa ku Lusaka adzaizindikira nkhalamba imeneyo msanga, chifukwa ali nayo kwawo.

Maiko akutali akuchitira umboni zomwezi, ndipo sinditayapo nthawi yambiri. Mafumu a Perisiya analamulira kuchokera ku Iguputo mpaka kumalire a India, koma makalata a boma lawo ankalembedwa m'Chiaramu, chifukwa alembi omwe anawapeza ankadziwa chimenecho. Aroma anafalitsa Chilatini kumadzulo, komwe chinabala Chifalansa, Chipwitikizi, Chisipanishi ndi Chitaliyana, koma kum'mawa kwa ufumu womwewo Chigiriki sichinasunthike, n'chifukwa chake Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki ngakhale kuti olemba ake anali pansi pa Kaisara. Chiswahili chinalowa kumtunda ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, kutsata njira yochokera ku Bagamoyo kudzera ku Tabora mpaka ku Ujiji, ndipo chinafika ngakhale ku Nkhotakota kwa Jumbe. Choncho jambulani mapu a dziko lanu, muonetse komwe kumachokera mchere, chitsulo ndi nsalu, ndi madooko omwe aliyense ayenera kuolokerapo. Mtundu womwe uli ndi mabwato pa dooko lalikulu ukhoza kufalitsa chinenero chake popanda kuponya muvi ndi umodzi womwe.

Sindikunena kuti lamulo la wolamulira lilibe mphamvu. Mu 1968 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalengeza kuti Chichewa ndicho chinenero cha dziko la Malawi pambali pa Chingerezi, ndipo dzina loti Chinyanja linasiyidwa kumeneko pomwe ife kuno tinalisunga. Lamulolo linagwira ntchito, koma linagwera pa nthaka yolimidwa kale: olankhula chinenerochi anali ochuluka, Buku Lopatulika linali litatuluka lathunthu mu 1922, ndipo boma linali ndi sukulu, mayeso ndi wailesi zoti zilifikitse m'mudzi uliwonse. Linasiyanso bala, pakuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo anthu a kumpoto sanaiwale. Zambia inasankha njira ina, ya Chingerezi m'boma ndi zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo pa wailesi ndi m'sukulu, zomwe ndi Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, ndipo njira imeneyinso inasiya Chisoli, Chilenje ndi Chilamba kunja kwa mpanda. Ngati mukufuna kusunga lamulo la mfumu yanu, lisungeni, koma mutionetse manja omwe akulinyamula m'dziko lopanda wailesi: amithenga, okhometsa msonkho, oweruza milandu omwe samva dandaulo la munthu pokhapokha litanenedwa m'chinenero cha mfumu, ndi ana a mafumu ang'onoang'ono omwe amatengedwa kukakulira ku likulu. Mutionetsenso omwe akulira nalo lamulolo.

Tsopano tifike pa zomwe dziko lanu lili nazo koma lathu lilibe, pakuti apa mpomwe nkhani yopeka imasiyana ndi buku la mbiri. Mwatchula mizimu yokhala zaka mazanamazana. Chinenero chimasintha chifukwa olankhula amafa ndipo ana amachitola mosiyana pang'ono, choncho mzimu womwe unaphunzira kulankhula zaka 600 zapitazo uyenera kumveka wachikale kwambiri, moti wopita kukaombeza afunike womasulira ngakhale kuti mzimuwo ndi kholo lake lenileni. Pamenepo mwapeza kale gulu la anthu amphamvu, omasulira mawu a mizimu, omwe akhoza kunama osagwidwa. Ngati matsenga a m'dziko lanu amagwira ntchito pokhapokha mawu atatchulidwa m'chinenero chimodzi, musaganize kuti chimenecho ndicho chidzakhale cha onse. Eni ake adzachibisa ndi kuchisunga chosasintha, monga momwe olowa ku dambwe amasungira mawu awo, kapena monga Chilatini chomwe chinkamveka pa Misa mpaka m'zaka za m'ma 1960 kwa anthu omwe sankachilankhula kunyumba. Chomwe chingafale ndi chinenero cha panjira yopita ku kachisi. Kale anthu ankayenda mitunda italiitali kukapempha mvula kwa Makewana ku Msinja kapena kwa Mbona ku Khulubvi, ndipo apaulendo otere amagona m'midzi, amagula chakudya, amafunsa njira, ena amakwatira komweko.

Za asing'anga ouluka pa lichero, funso lofunika ndi lakuti amauluka angati, ndipo lichero limanyamula katundu wolemera bwanji. Mapiri, madambo ndi nkhalango ndi zomwe zimalekanitsa zinenero, chifukwa anthu omwe sakumana kawirikawiri amayamba kulankhula mosiyana. Ngati ouluka ndi khumi okha m'dziko lonse, mapiri akadali mapiri kwa wina aliyense, ndipo zinenero zisanu zija zidzakhalabe zolimba. Koma ngati munthu wamba angalipire nkhuku kuti amuulutse pamodzi ndi dengu lake la mchere, ndiye kuti malo otera malichero asanduka misika, ndipo chinenero cha oulutsawo chidzamveka m'mudzi uliwonse zaka 50 zisanathe. Matsenga alionse omwe mwaika m'nkhani yanu muwafunse kuti akukumanitsa ndani ndi ndani.

Pa za nthawi, musafulumize. Chinenero sichifa pa chaka chimodzi, kawirikawiri chimatenga mibadwo itatu. Ndinaziona ndi maso anga pa maliro ena cha ku Chongwe, komwe gogo wina anakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba akusenda maungu ndi kamdzukulu kake kochokera ku tauni. Gogoyo ankalankhula Chisoli, kamtsikanako kankamva zonse ndi kuchita zomwe katumidwa, koma kankayankha m'Chinyanja cha ku Lusaka. Mayi ake a mwanayo, omwe anali pakati pa awiriwo, ankatembenukira uku ndi Chisoli, uku ndi Chinyanja, osazindikira n'komwe kuti akusintha. Panalibe wokalipa kapena woletsa mnzake, koma ndinachoka pamenepo mtima uli wolemera, podziwa kuti ana a kamtsikanako mwina sadzamva ngakhale zomwe iko kankamva. Buku lanu likhale ndi banja lotere, ndipo mudziwe kuti munthu aliyense wa m'nkhani yanu ali pa mbadwo uti mwa itatuyi, chifukwa zimenezo zidzakuuzani chinenero chomwe amawerengera ndalama, chomwe amatukwanira akapsa mtima, ndi chomwe amalirira amayi ake akamwalira.

Mwina mukudzifunsa kuti zonsezi mudzazionetsa bwanji pa pepala pomwe buku lonse mukulilemba m'chinenero chimodzi. Simufunika kupeka zinenero zisanu zathunthu ndi malamulo ake. Pekani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a mtundu uliwonse, makamaka moni, maina a zakudya, dzina la Mulungu wawo ndi mawu oitanira amayi, ndipo muwagwiritse ntchito mosasintha. Zotsalazo muli nazo kale m'kamwa mwanu: akuluakulu a kumapiri ndi mizimu alankhule Chichewa chozama cha miyambi ndi ziganizo zazitali, a pamsika alankhule chachifupi ndi chosakaniza ngati cha pa Soweto Market, ndipo mlendo wongofika kumene aphonye ulemu, anene "iwe" kwa munthu woyenera "inu", kuti tione nkhope za omvera zikusintha.

Ndime ya lamulo ija ndikanakonda mutaichotsa kumayambiriro n'kuikapo chithunzi cha pa dooko. Mtsikana wa kunkhalango wafika m'mamawa ndi dengu la uchi, akufuna kuoloka, mwini bwato ndi wa kudambo, msilikali wolandira msonkho ndi wa kumapiri, ndipo mtsikanayo akudziwa mawu anayi okha a chinenero cha pamsika omwe azakhali ake anamuphunzitsa usiku wathawo. Lembani kuti mawu anayiwo ndi ati, ndani akumuseka, ndani akumuthandiza, ndipo akuolokera pa mtengo wanji. Mukamaliza mutu umenewo mutitumizire kuno ku magazini, tidzauwerenge.